Jaap van Velsen, Mlendo Amene Anafufuza Mbiri ya Atonga

Ife ochokera ku Nkhata Bay timadziwa kuti mkangano wa ufumu ukabuka, banja lililonse limatulutsa mbiri yakeyake. Nanga yoona ndi iti? Ndafuna ndikuuzeni, anzanga, za munthu amene analimbana ndi funso limeneli.

Jaap van Velsen anali Mdatchi, wobadwira pachilumba cha Java m'chaka cha 1921. Anaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Oxford ndi ku Manchester, kumene mphunzitsi wake anali Max Gluckman. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linamutuma kwathu kunyanja, ndipo anakhala m'midzi ya Atonga pakati pa 1952 ndi 1955.

Iye ankamvetsera milandu pabwalo ndi kulemba mibadwo ya mabanja. Akuluakulu anamusimbira za Kabunduli, Kanyenda ndi Mankhambira, ndiponso za mmene Atonga anapandukira Angoni nawagonjetsa ku Chintheche. Koma nkhanizo sizinkagwirizana. M'malo mosankha imodzi yomukomera, ankafunsa kuti: akunenayu ndani, nanga apindula chiyani anthu akamukhulupirira? Anapeza kuti nthawi zambiri munthu amasimba za makolo pofuna kuteteza ufumu kapena malo amene akulimbirana lero. Kenaka ankayerekeza mawu a akuluakuluwo ndi zolemba za aboma ndi za amishoni amene anakhazikika ku Bandawe mu 1881, podziwa kuti azungunso anali ndi zofuna zawo.

Mu 1959 anasindikiza nkhani yofotokoza mbiri ya Atonga, ndipo mu 1964 linatuluka buku lake lotchuka, The Politics of Kinship. Mu 1966 boma la Ian Smith linamumanga pamodzi ndi aphunzitsi anzake apakoleji ku Salisbury, nkumupitikitsa m'dzikomo. Anakaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia, kenaka ku Aberystwyth ku Wales. Anamwalira mu 1990.

Kwa ine, moyo wake ukusonyeza kuti wolemba mbiri afanana ndi nkhoswe yanzeru, imene siweruza isanamve mbali zonse. Mbiri yomvera kumodzi imatha kulanda munthu munda kapena mpando. Tikapita kutchuthi tifunse agogo akadali moyo, tilembe zimene anena, koma tisaiwale kukafunsanso agogo a mudzi winawo.