Florence Nightingale, Mayi wa Nyale

Ambiri mwa ife kuno ku Guruve tinagonapo pansi m'chipatala, pambali pa bedi la mwana kapena la amayi athu. Tikudziwa kuti matenda amakula usiku, madokotala ataweruka, namwino mmodzi atatsala ndi wodi yonse. N'chifukwa chake m'kabuku ka chikondwerero chathu tasankha kukumbukira mayi Florence Nightingale.

Mayiwa anabadwa pa 12 May 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, m'banja lolemera la ku England. Makolo awo sanafune kuti akhale namwino poti nthawi imeneyo ntchitoyi inkanyozeka. Iwo anakakamira ndithu, ndipo mu 1851 anakaphunzira ku Kaiserswerth ku Germany. Mu 1853 anayamba kuyang'anira kachipatala ka amayi pa Harley Street ku London, komwe anaikitsa mabelu oti wodwala aziitanira namwino ali chigonere.

Mu 1854, nkhondo ya ku Crimea itavuta, anatsogolera anamwino 38 kupita ku chipatala cha asilikali ku Scutari, m'dziko la Turkey. Anapeza kuti kolera, taifodi ndi kamwazi zinkapha asilikali ambiri kuposa mabala a kunkhondo. Anakonza za chakudya ndi zochapa. Usiku ankayenda ndi nyale bedi ndi bedi, kuona amene wafooka, mpaka anatchuka ndi dzina loti Mayi wa Nyale. Mu March 1855 boma la Britain linatumiza akatswiri a zaukhondo amene anatsuka ngalande za zimbudzi, ndipo imfa zinatsika kwambiri.

Koma mayiwa anaona kuti munthu mmodzi sangayende mawodi onse usiku uliwonse. M'buku lawo la Notes on Nursing la mu 1859 anaphunzitsa kuti woyang'anira weniweni ndi amene amakonza zinthu kuti zizichitika bwino ngakhale iye atachokapo. Analimbikitsanso mawodi aatali, oti namwino athe kuona mabedi onse ataima malo amodzi.

Apa m'pamene nkhani yawo yatifika pamtima ife amayi a banki m'khonde, imene kuno timati mukando. Anthu ambiri, ngakhale asilikali, anasonkha ndalama zowathokozera zoposa mapaundi 40,000. Ndalamazo sanadyere. Mu 1860 anatsegulira sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London. Ntchito yambiri anaiyendetsa ali kudwala m'chipinda, kudzera m'makalata ndi mawerengero. Mu 1907 anakhala mayi woyamba kulandira ulemu wa Order of Merit, ndipo anamwalira pa 13 August 1910 ali ndi zaka 90.

Ifenso gulu lathu siliima msungichuma akapita kukaoda katundu ku Lusaka kapena ku Tete, chifukwa zonse zili m'kaundula. Tichite chimodzimodzi pa matenda. Mnzathu akagonekedwa, tilemberane masiku odikirira kuti asatsale yekha usiku. Wodikirira adziwe namwino wa usiku umenewo, ndipo wodwala akasintha kapumidwe kapena akatentha thupi, akanene pomwepo, osadikira kuche. Thumba la zadzidzidzi lizikhala ndi kangachepe ka thiransipoti ndi tochi. Anamwino a usiku ndi alongo athu otopa. Tiwathandize ndi maso athu.