Samora Machel, Mpingo wa Katolika ndi midzi ya aldeia

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Seputembala 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza, m'banja la alimi a mpingo wa Chipolotesitanti. Kuyambira 1940, boma la Apwitikizi linapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa Mpingo wa Katolika, choncho Samora anaphunzira ku sukulu ya mishoni. Kuti alembe mayeso a kalasi yachinayi, anayenera kuyamba wabatizidwa. Zimenezi, kuphatikizapo kulima thonje mokakamizidwa ndi kulandidwa minda ya ku Limpopo, zinamuchititsa kuona Mpingo ngati mnzake wa atsamunda.

Anagwirapo ntchito ya unamwino ku Lourenço Marques. Mu 1963 analowa Frelimo, mu 1970 anakhala mtsogoleri wake, ndipo pa 25 Juni 1975 anakhala pulezidenti woyamba wa Mozambique.

Pa 24 Julayi 1975 boma lake linatenga masukulu ndi zipatala zonse. Kuno ku Niassa lamuloli linakhudza mishoni za ansembe a Consolata, amene anafika ku Mandimba mu 1926 ndi kutsegula Massangulo, ku Ngauma, mu 1928. M'zaka zotsatira matchalitchi ena anatsekedwa ndipo maulendo a ansembe anachepetsedwa.

Alimi nawonso moyo wawo unasintha. Msonkhano waukulu wachitatu wa Frelimo mu 1977 unalimbikitsa midzi yokhalira pamodzi, yotchedwa aldeia comunal. Cholinga chinali chomveka: anthu akakhala malo amodzi, sukulu, chipatala ndi chitsime zimawafikira msanga. Koma ambiri anasiya minda yachonde, mitengo ya mango ndi manda a makolo, n'kumayenda mtunda wautali kukalima. M'midzi yambiri yatsopanoyi kumanga tchalitchi sikunkaloledwa. Anthu a ku Niassa anali atasamutsidwapo kale ndi Apwitikizi pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, n'chifukwa chake ena anakayikira dongosololi.

Chikhulupiriro sichinathe. Mu 1977 Akatolika anasonkhana ku Beira nagwirizana kuti Mpingo uzidalira timagulu ta akhristu a m'midzi. Akatekisiti ndi akulu ampingo, amayi ndi abambo, ndiwo ankatsogolera mapemphero, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro popanda wansembe.

Samora anayamba kusintha njira. Mu Disembala 1982 anakumana ndi atsogoleri a zipembedzo ku Maputo, ndipo msonkhano wachinayi wa Frelimo mu 1983 unavomereza kuti mlimi wa pabanja ananyalanyazidwa. Komabe chaka chomwecho, pa ntchito ya Operação Produção, anthu masauzande ambiri a m'mizinda anabweretsedwa ku Niassa mokakamizidwa. Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo itakula, midzi ya aldeia inkaotchedwa, sitima ya ku Cuamba inkasokonezedwa, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Malawi.

Samora anamwalira pa 19 Okutobala 1986 ndege yake itagwa ku Mbuzini, ku South Africa. Patapita zaka ziwiri Papa Yohane Paulo Wachiwiri anayendera dziko lino, ndipo pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Akatolika atathandiza pa zokambiranazo. Lero Samora amakumbukiridwa ngati amene anabweretsa ufulu, sukulu ndi katemera kumudzi, koma okalamba a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amakumbukiranso minda imene anaisiya mosafuna.