Robert Laws, m'busa wonunkha utuchi

Tchuthi chathachi ndinapita kukacheza kwa azakhali anga m'boma la Rumphi. Lolemba lina m'mawa, ndikudutsa pa tchalitchi cha m'mudzimo, ndinamva phokoso ngati pamsika. Kusuzumira kuseri, ndinapeza ana oposa 30 ali piringupiringu, matope mpaka m'zigongono.

Mphunzitsi wawo wa Sande sukulu, mtsikana wa msinkhu wanga womwewu, anali atawagawa m'magulu. Gulu lina linkamanga chombo cha Nowa ndi mapesi ndi luzi. Lina linkaumba nyama ndi dongo la kudambo. Lachitatu linkayeseza sewero, ndipo kamnyamata kamene kanali Nowa kanali katamata ndevu za thonje. Mutu wa sabata yonseyo unali madzi: Lolemba chigumula, Lachiwiri Mose pa Nyanja Yofiira, Lachitatu Yona, mpaka Lachisanu kukathera pa chitsime cha ku Samariya.

Pansi pa mtengo panaima mkulu wa mpingo wina, bambo a imvi zawo, nkhope ili ndwii. Nditawapatsa moni, anandiuza m'Chitumbuka, chimene ine ndimachimva mopereweza, kuti zimenezi ndi masanje basi, si Baibulo ayi. Iwo pa ubwana wawo ankaloweza katekisimu, ndipo wolakwitsa ankadziwa chomwe chimutsate. Anamaliza ndi kunena kuti akuluakulu amene anayambitsa Livingstonia sakanalola ana kudetsa bwalo la tchalitchi chonchi.

Mawu omalizawa ndi amene anandikhala pamtima. Inenso ndinakula ndi kuloweza, ndipo mavesi ambiri amene ndinkalakatula pa Khirisimasi anauluka kalekale. Ndiye ndinafuna kudziwa: kodi mkulu wa ku Livingstonia uja, Dr Robert Laws, anali munthu wotani? Akanawathamangitsadi ana a matope aja?

Laws anabadwa pa 28 May 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo ake anali mmisiri wa matabwa, wopanga mipando ndi makabati, ndipo mwanayo anaphunzira ntchito yomweyo. Apa ndi poyenera kuima kaye. Munthu amene timamudziwa ngati dokotala ndi m'busa anayamba ndi sowo, chipalo ndi utuchi m'tsitsi. Masana ankapala matabwa, madzulo n'kumapita kusukulu. Ali mnyamata anawerenga za maulendo a David Livingstone ndipo mtima wake unakhala pa Amakololo, anthu amene anayenda ndi Livingstone. Pang'onopang'ono analowa yunivesite ya Aberdeen, naphunzira za udokotala komanso za ubusa. Asanabwere kuno anagwirako ntchito ku Glasgow pakati pa odwala nthomba ndi matenda ena opatsirana, malo amene ambiri ankawathawa.

Ndipo kwa inu amene mumapita ku Sande sukulu mokokedwa, imvani izi: mkazi wake, Margaret Gray, anadziwana naye ku Sande sukulu komweko ku Aberdeen ali ana. Anadzakwatirana ku Blantyre, kwathu konkuno, mu 1879.

Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo ya ku Scotland inaganiza zotumiza gulu lodzayambitsa mishoni yomukumbukira. Laws analowa m'gululo ali ndi zaka 24 zokha, mtsogoleri ali E.D. Young. Anabwera ndi sitima ya Ilala ili m'zidutswazidutswa, naimanga pa mathiriro a Zambezi. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasulanso, ndipo mazana a anthu akuda anaisenza pamutu mpaka kumtunda. Mayina a osenzawo sitimawatchula, koma popanda iwo Ilala ikanachitira dzimbiri kumunsi kwa Shire. Pa 12 October 1875 sitimayo inalowa m'nyanja ya Malawi, ndipo mishoni inakhazikika ku Cape Maclear.

Kumeneko zinthu sizinayende. Malungo anapha amishonale angapo, manda awo alipo mpaka lero. M'modzi mwa omwalirawo anali Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikhosa wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena awiri. Eetu, ena mwa aphunzitsi oyamba a ana athu anali anthu akuda anzathu. Mu March 1876 Laws anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, zimene anthu a kunyanja anali asanazionepo. Mbiri yake ya udokotala inafala. Koma za ubatizo zinali zina: patapita zaka zoposa zisanu, wobatizidwa anali m'modzi yekha, Albert Namalambe, mu March 1881.

Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, apa n'kuti Laws ali mtsogoleri. Ku Bandawe ndi kumene anaona poyera kuti khomo lolowera mumpingo ndi sukulu. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Ana ankaphunzira a, e, i, o, u, kenako n'kuyamba kuwerenga Uthenga Wabwino, ndipo amene wadziwako pang'ono ankatumizidwa kumudzi wina kukaphunzitsa anzake. Laws mwiniyo anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, nalembanso buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja limene linatuluka mu 1894.

Kunyumba kwake nako kunali maliro okhaokha. Mwa ana asanu ndi atatu amene iye ndi Margaret anabereka, anakula ndi m'modzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Mukamawerenga za kuuma mtima kwa Laws, zimene tifikeko posachedwa, muzikumbukiranso timanda timeneti.

Malungo a ku Bandawe anamukakamiza kufunafuna malo okwera. Mu 1894, ali ndi mnzake wa pa maulendo Yuraia Chirwa, anasankha phiri la Khondowe, m'boma lathu la Rumphi lino, pamwamba penipeni poyang'ana nyanja. Pamenepa ndi pamene mmisiri wa matabwa uja anadzuka mwa iye.

Sukulu imene anatsegula, Overtoun Institution, sinali ya choko ndi bolodi chabe. Kunali kalasi ya aphunzitsi, ya za ubusa, ndipo pambuyo pake ya othandiza madokotala. Koma pambali pake panali nyumba ya ukalipentala, ya zomangamanga, ya zitsulo, yosindikizira mabuku, yophunzirira kutumiza mauthenga pa waya, ndi minda. Atsikana ankaphunzira kusoka ndi kuchapa, poti maganizo a nthawi imeneyo pa mwana wamkazi ankalekezera pomwepo, ndipo Laws sanawadumphe kwenikweni. Wophunzira aliyense, kaya akufuna ubusa kaya uphunzitsi, ankagwiranso ntchito ya manja. Taganizani: mnyamata waphunzira m'mawa nkhani ya m'Baibulo, masana ali m'gulu la anzake kuumba njerwa za nyumba imene adzapemphereremo, kapena kusanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi kuti buku la nyimbo lisindikizidwe m'chilankhulo cha amayi ake. Vesi limene walisanja ndi zala zake, chilembo ndi chilembo, chozondoka, angaliiwale bwanji?

Zimene manja amenewo anapanga mukhoza kukaziona. Msewu wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba ndi makona ake okhota ngati njoka, unatha mu 1905. Nyumba ya miyala imene Laws ankakhala, Stone House, ndi ya 1903, ndipo lero muli malo osungira zinthu zakale. Madzi anafika pa mishoni m'mipope kuchokera kumapiri. Magetsi anayaka mu 1905, opukusidwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe. Ndinakumbukira zimenezi usiku wina kwa azakhali foni itandithera moto, ndikuyenda mtunda kukatchajitsa pa sola ya kugolosale. Zaka zoposa 100 zapitazo pa Khondowe ankayatsa babu!

Ndalama zake zinachokera kuti? Zambiri zinachokera kwa Lord Overtoun, mwini dzina la sukuluyo, mponda matiki wa fakitale ya mankhwala kufupi ndi Glasgow. Mu 1899 mtsogoleri wa anthu apantchito, Keir Hardie, anaulula kuti antchito a mufakitale imeneyo ankagwira maola 12 pa tsiku, ndi Lamulungu lomwe, m'fumbi lowononga thupi. Choncho m'njerwa za pa Khondowe muli thukuta la Atumbuka, Atonga ndi Angoni, komanso la amphawi a ku Scotland amene sanaionepo nyanja yathu.

Tsono funso langa lija. Kodi Laws akanakondwa ndi ana oumba njovu kuseri kwa tchalitchi? Ndinene zoona, pa mbali ina mkulu wa mpingo uja sananame. Laws sanali munthu wa masewera. Anali wa belu, wa nthawi, wa malamulo. Ku Livingstonia munthu asanabatizidwe ankakhala zaka m'kalasi ya omvera, kenako zaka zina m'kalasi ya katekisimu, n'kumayesedwa mayeso. Magule ambiri a makolo ankaletsedwa. Phokoso ngati lija ndinalimva Lolemba lija mwina akanalikwinyira nkhope. Koma kunena kuti matope ndi Baibulo siziyendera limodzi, ayi, pamenepo bambo aja anaphonya. Phiri lonse la Khondowe linamangidwa pa ganizo lakuti mutu, mtima ndi manja ziphunzire pamodzi, ndiponso kuti anthu aphunzire ali m'gulu, wina atagwira uku wina uku.

Vuto la Laws linali lina, ndipo ndi limene aphunzitsi a ana lero ayenera kuliopa kuposa matope. Ankadziwa kuphunzitsa mwana, koma kumukhulupirira akakula kunkamuvuta.

Chitsanzo ndi Charles Domingo. William Koyi anamutenga ku Quelimane mu 1881 ali kamwana, ndipo anakulira m'nyumba mwa Laws mwenimwenimo. Anali wanzeru zedi. Anakhala mphunzitsi pa Khondowe, anamaliza maphunziro a ubusa, napatsidwa chilolezo cholalikira mu 1903. Kenako anadikira kudzozedwa. Chaka chinatha, china chinatha, amishonale ali phee, akuti ayambe amuona kaye. Mu 1908 Domingo anatopa nachoka mumpingo, n'kukayendetsa timasukulu take tosauka m'dera la Mzimba. Abusa oyamba akuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka pafupifupi 40 chifikireni Ilala. Ine nkhani ya Domingo imandipweteka kuposa zonse. Mwana wodyera m'mbale za m'nyumba mwako, womudziwa chiyambire asanathe kuwerenga, n'kumamuyesabe mayeso ali bambo wa ndevu?

Komabe ana a sukulu imeneyi sanakhale chete monga ena ankafunira. Elliot Kamwana anachoka pa Khondowe, nadzabweranso ku Utonga ndi chiphunzitso cha Watch Tower, n'kubatiza anthu zikwizikwi osawadikiritsa zaka. David Kaunda anapita kukaphunzitsa ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Levi Mumba anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, bungwe limene Laws mwiniyo analilimbikitsa. Clements Kadalie anakafika ku Cape Town, nayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919, limene linagwedeza South Africa. Munthu ukamuphunzitsa kuwerenga nkhani ya Mose ndi Farao, n'kumupatsanso luso lodzidyetsa yekha, usadabwe akayamba kufunsa kuti Farao wa lero ndi ndani.

Zaka zomaliza za Laws pa Khondowe zinali zowawa. Margaret anamwalira mu 1921. Loto lake linali lakuti sukuluyo ikule ikhale yunivesite, koma nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zimene zinayendera sukulu za kuno mu 1924 zinaona kuti maphunziro a pa Khondowe ndi apamwamba mopyola, kuti munthu wakuda akufunika za kumudzi basi. Amishonale anzake achinyamata nawonso sanamuikire kumbuyo. Chodabwitsa, eti? Mmisiri wa matabwa ndi amene ankalimbikira kuti Mmalawi asalekezere pa matabwa pokha. Chaka chomwecho cha 1924 anaona Livingstonia ndi Blantyre zikugwirizana kupanga mpingo wa CCAP. Anachoka mu 1927 atakhala kuno zaka 52, kusiya sukulu za m'midzi zoposa 700. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwawo ku Aberdeen. Yunivesite ija inadzatsegulidwa mu 2003, ndipo nthambi yake ya pa Khondowe imadziwika ndi dzina lake.

Pali chinthu china pa Khondowe chimene Laws sanachione. Mu March 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo n'kuyamba kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress, ndege inaponya uthenga pa mishoni kufunsa azungu ngati akufuna kudzapulumutsidwa. Ankayenera kuyankha ndi chizindikiro pansi. Akuda ndi azungu anakhala pamodzi, nagwirizana zosasiyana. Ndege itabweranso, inapeza pa kapinga atayala zilembo zikuluzikulu zoyera zoloza ku Aefeso 2:14, vesi lokamba za kugwa kwa khoma la udani pakati pa mitundu. Gulu, manja, mutu umodzi wa phunziro. Zilembozo anadzazimanga ndi simenti, zilipo pafupi ndi Stone House.

Lachisanu ndinabwereranso kutchalitchi kuja. Ana anali atakumba kadzenje n'kukazinga ndi miyala, ati chitsime cha ku Samariya, ndipo ankakangana kuti ndani akhale mayi wotunga madzi. Mkulu wa mpingo uja analiponso pansi pa mtengo womwe uja, nkhope sinasinthe. Mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri, kanawakokera dzanja kukawaonetsa chombo cha Lolemba lija, n'kuyamba kuwafotokozera nkhani yonse, kuyambira khwangwala mpaka nkhunda, osaphonya. Iwo anangoti duu, kenako anawerama n'kuona kuti luzi la kutsogolo kwa chombocho lamasuka. Anapempha mpeni.