Louis de Montfort: wansembe woyenda pansi amene mbewu yake idamera ku Ntcheu

Akatolika a m'boma la Ntcheu, kuyambira ku Sharpevale m'chigwa cha Bwanje kufikira kumapiri a Tsangano, amalidziwa bwino dzina la Montfort. Komatu mwini dzinali sadapondepo mu Africa, ndipo ntchito yake yaikulu adaiona ikugumulidwa iye ali moyo.

Louis-Marie Grignion adabadwa pa 31 Januwale 1673 m'tauni ya Montfort-sur-Meu ku France, ndipo adadzozedwa unsembe mu 1700. Ankakhala pakati pa amphawi ndi odwala, koma kulalika kwake kosapsatira kudamudanitsa ndi akuluakulu ena a mpingo, mpaka ankamuletsa kulalika m'madera awo.

Mu 1706 adayenda pansi mpaka ku Rome kukapempha uphungu kwa Papa Clement XI, yemwe adamuuza kuti abwerere kwawo akatumikire anthu ake. Atabwerako, adakabindikira ku Mont-Saint-Michel, nyumba ya amonke yomangidwa pa kachilumba ka thanthwe m'mphepete mwa nyanja, kumene amonke a chipani cha Benedikito adakhazikika mu 966. Patapita zaka, malowa adasandutsidwa ndende kufikira mu 1863, kenaka adakonzedwanso, ndipo lero alendo amakhamukirako.

Mayeso ake aakulu adadza ku Pontchâteau. Kuyambira mu 1709, anthu mazanamazana adasenza dothi mosalandira malipiro kuti aunde chitunda choimikapo mitanda, chokumbutsa za Kalivale. Mu Sepitembala 1710, mwambo wodalitsa malowo utangotsala pang'ono, episkopi wa ku Nantes adauletsa. Mfumu Louis XIV idalamula kuti chitundacho chigumulidwe, poopa kuti Angerezi angachisandutse linga lankhondo. Montfort sadalimbane ndi lamulolo. Adanyamuka napitiriza kulalika m'midzi ina.

Adamwalira pa 28 Epulo 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre ali ndi zaka 43, atasiya omutsatira owerengeka chabe. Koma fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika, ndipo kudekha kwake kudabala zipatso zimene mkangano sukadabala. Kalivale wa ku Pontchâteau adamangidwanso mu 1821, ndipo buku lake lonena za kudzipereka kwa Maria, lomwe lidabisika nthawi yaitali, lidapezeka mu 1842.

Mu 1901 ansembe atatu a chipani chimene iye adayambitsa, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. Kuchokera pamenepo, chipanichi chidafalitsa matchalitchi ndi sukulu m'chigawo chakumwera cha dziko lino.

Papa Pius XII adamulengeza kuti ndi woyera mu 1947, ndipo Papa John Paul II adakapemphera pamanda ake mu 1996. Mbiri yake ikutikumbutsa kuti lamulo la mfumu lingathe kusalaza chitunda, koma silingafafanize cholinga chimene anthu adachiundira.