Samuel Josia Nthara

Mukachoka ku Biwi kuloŵera ku Dedza, n'kupatukira kumanzere pa Kamphata, mudzafika pa mishoni ya Nkhoma. Pansi pa mishoni imeneyi ndi pamene Bambo Samuel Josia Nthara anagwira ntchito ya uphunzitsi. Iwo anabadwa m'chaka cha 1905.

Mulungu anaŵapatsa luso lolemba nkhani. Masiku amenewo mabuku a Chinyanja anali oŵerengeka, ndipo ambiri mwa iwo analembedwa ndi Azungu a mishoni. Bambo Nthara akadatha kungophunzitsa basi, luso lao n'kulikwirira pansi monga kapolo waulesi uja wa m'fanizo la matalente, koma sanatero. Analemba buku la Nthondo, lonena za munthu amene anakulira m'miyambo ya Acheŵa, nachita zoipa zambiri, kenaka natembenuka mtima. Bukuli linapambana pa mpikisano wokonzedwa ku London, ndipo linasindikizidwa m'chaka cha 1933. Mbusa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi.

Pambuyo pake anasonkhanitsa nkhani zimene akuluakulu ankasimba pakamwa, nazilemba m'buku la Mbiri ya Acheŵa kuti zisaiŵalike. Analembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ndi ya mbusa Namon Katengeza. Bambo Nthara anamwalira m'chaka cha 1976.