Madam C.J. Walker: Tsitsi labwino limayambira pakhungu la m'mutu

Sarah Breedlove adabadwa pa 23 Disembala 1867 ku Delta, m'chigawo cha Louisiana ku America. Makolo ake adali akapolo m'minda ya thonje, ndipo iye ndiye adali mwana woyamba m'banjamo kubadwa ali mfulu. Pofika zaka 7 adali atasanduka wamasiye. Adakwatiwa ali ndi zaka 14, adabereka mwana wamkazi, Lelia, mu 1885, ndipo mwamuna wake adamwalira iye ali ndi zaka 20.

Adasamukira mumzinda wa St. Louis, kumene alongo ake ankagwira ntchito yometa anthu. Kumeneko ankachapa zovala za eniake, tsiku lonse manja ali m'madzi, malipiro ake n'kungopitirira pang'ono dola imodzi patsiku. Ali pantchito imeneyi, m'mutu mudayamba kuyabwa, mfundu idachuluka ndipo tsitsi lidayamba kuthothoka.

Vutoli silidali la iye yekha. Nyumba zambiri za anthu osauka panthawiyo zidalibe madzi a m'mipopi, choncho anthu ankatenga nthawi yaitali osatsuka m'mutu. Akati atsuke, sopo wake ankakhala waukali wochapira zovala. Kudya kosakwanira nako kunkawonjezera vuto.

Tsitsi lopotana, ngati la anthu ambiri akuda, limavutika msanga likakumana ndi zoterezi. Limamera kuchokera m'timabowo topindika ta pakhungu, n'chifukwa chake limatuluka lili lopotana. Mafuta achilengedwe amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutika kuyenda m'mapindikidwe amenewa kukafika kunsonga. Motero tsitsili limauma msanga, ndipo paliponse pamene lapindika m'pamene limaduka mosavuta likakokedwa.

Cha m'ma 1904 Sarah adayamba kugulitsa mafuta a tsitsi a Annie Turnbo, mayi winanso wakuda amene adali atayamba kale bizinesi yotere. Mu 1905 adapita ku Denver, ndipo mu 1906 adakwatiwa ndi Charles Joseph Walker. Apa m'pamene adayamba kudziwika ndi dzina loti Madam C.J. Walker, n'kuyambanso kugulitsa mankhwala akeake.

Mafuta ake otchuka, a Wonderful Hair Grower, adali osakaniza mafuta onga a Vaseline ndi sulufule, amene amathandiza kulimbana ndi mfundu. Koma mphamvu yeniyeni idali m'njira imene ankaphunzitsa: kutsuka m'mutu pafupipafupi ndi sopo wosawawa, kusisita khungu ndi zala, kenaka kudzola mafuta. Palibe mafuta amene amafulumizitsa tsitsi, poti limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Chimene chinkachitika n'chakuti khungu likachira, tsitsi linkasiya kuthothoka ndi kuduka, ndipo amayi ankaliona likutalika.

Ena amati mayiyu ndiye adatulukira chipeso chamoto chowongolera tsitsi, koma si zoona. Chipesocho chidalipo kale, ngakhale kuti antchito ake ankachigwiritsa ntchito. Mwini wake ankakana kutchedwa wowongola tsitsi, ankafuna adziwike monga wolisamalira kuti likule.

Adayenda khomo ndi khomo komanso m'matchalitchi kuonetsa amayi njira yake. Mu 1908 adatsegula sukulu ya Lelia College ku Pittsburgh, ndipo mu 1910 adasamutsira bizinesi ku Indianapolis kumene adamanga fakitale. Amayi zikwizikwi, ambiri ochapa zovala ndi antchito a m'nyumba, adaphunzira ntchitoyi n'kuyamba kudziimira paokha. Mu 1917 adasonkhanitsa ogulitsa ake ku Philadelphia, kumene adapereka mphoto kwa ogulitsa kwambiri komanso kwa amene adathandiza kwambiri ovutika m'madera awo. Iye mwini adapereka madola 5,000 ku bungwe la NAACP kuti lilimbane ndi mchitidwe wopha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu.

Madam Walker adamwalira pa 25 Meyi 1919 kunyumba kwake ku Irvington, m'chigawo cha New York, ali ndi zaka 51. Adadwala matenda othamanga magazi, amene adamuwonongera impso.

Patha zaka zoposa 100, koma zimene ankaphunzitsa zikugwirabe ntchito pamutu pa mwana wanu. Mutsukeni m'mutu kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri, ndipo musagwiritse ntchito sopo waufa wochapira zovala. Pesani tsitsi likadali lonyowa pang'ono, ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Mafuta mudzole pang'ono tsitsi lisanaumiretu, kuti asunge chinyezi.

Mwana akamalira kuti malukidwe akumupweteka, kapena mukaona tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, masulani. Kukoka kotere kukapitirira zaka, tsitsi la m'mbali limatha ndipo mwina silimeranso. Mankhwala owongolera tsitsi nawo si oyenera ana, chifukwa ambiri amakhala ndi soda waukali wa mtundu womwe unkapangira sopo wakale uja, ndipo amatha kuwotcha khungu.

Kwa mavolontiya a zaumoyo, chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi zipere. Mukaona mwana ali ndi malo ozungulira otuwa m'mutu pamene tsitsi laduka, mutumizeni kuchipatala. Zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, odzola okha sakwanira. Matendawa amafala pobwerekana zipeso, zipewa, mathawulo ndi makina ometera osatsukidwa, choncho onaninso ana ena a m'nyumba imeneyo.