Alexander Graham Bell: Munthu Amene Adatumiza Mawu pa Kuwala

Ambirife timamdziwa Bell chifukwa cha lamya, koma mwini wakeyo ankanyadira kwambiri makina ena otchedwa photophone. Iye adabadwira ku Edinburgh m'chaka cha 1847, nakhala mphunzitsi wa ana osamva. Mu 1880, ku Washington, iye ndi mthandizi wake Charles Tainter adatumiza mawu pa cheza cha dzuwa mtunda wa mamita 213, popanda waya. Tsoka lake, mtambo ukangophimba dzuwa, makinawo ankangoti zii! Bell adamwalira mu 1922 anthu asadawapezere ntchito yeniyeni. Chidasowa ndi njira yotsekeramo kuwalako, ndiyo ulusi wagalasi woyera mbee, umene kampani ya Corning idapanga mu 1970. Lero uthenga wa pa intaneti wochokera ku Area 36 umawoloka nyanja m'ulusi woterewu.